Thiransifoma siipsa yokha, timaipha ndife

Aphunzitsi anzanga, ndi inu nonse amene mudakhalapo pabenchi kutsogolo kwanga n'kumalemba manotsi a Physical Science uku mukusinza. Lero ndabwera nditakwiya pang'ono, ndiye mundipirire.

Pali mawu amene ndatopa nawo pano pa Sharpevale. Magetsi akazima pamsika ponse, n'kutha tsiku, n'kutha sabata, ukafunsa munthu amangoyankha kuti, "Aphunzitsi simunamve? Thiransifoma yapsa." Amayankha ngati akunena kuti mvula yagwa kapena kuti mbuzi yaswa. Ena amawonjezera kuti ndi mphenzi, ena amanong'ona za ufiti wa eni zigayo opikisana. Onse amagwirizana pa chinthu chimodzi, chakuti palibe amene walakwa. Yangopsa basi.

Ine ndikukana. Thiransifoma ilibe gudumu, ilibe lamba, mulibe chilichonse choyenda m'kati mwake choti n'kuperepeseka. Ikasamalidwa imatha zaka 30 kapena kupitirira apo, mwana kubadwa, kumaliza sukulu, kukwatira, iyo ili pomwepo ikung'ung'uza. Ikafa itangotha zaka zitatu kapena zisanu, dziwani kuti pali amene waipha.

Chaka china, mayeso a MSCE atatsala masabata owerengeka, tidadzuka magetsi kulibe. Poyamba tidati ndi kuzimazima kwathu kwa masiku onse. Dzuwa litakwera ndidadutsa pomwe pali thiransifoma imene imatipatsa magetsi, ndipo ndidapeza anthu atazungulira. Pansi pa mapolo awiri aja dothi lidali lakuda, lonyowa, likununkha ngati m'galaja. Anthu ena adabwera usiku n'kukhetsa mafuta a m'kati. Makina aja atatsala opanda mafuta adatentha mpaka mawaya kupserera. Ndidaima pamenepo ndikumvetsera. Aliyense ankati "yapsa". Palibe ndi mmodzi yemwe adati "aiba", chonsecho madontho a mafuta ankaoneka bwinobwino m'kanjira kolowera kuseri kwa nyumba za anthu.

Zimene zidatsatira mukuzidziwa, chifukwa pafupifupi aliyense wa inu zidamuchitikirapo kwawo. Chigayo chidaima. Amayi ankakweza matumba a chimanga pakabaza kupita kutali, kulipira kawiri, ya kabaza ndi ya chigayo. Wowotcherera adatseka, wometa adabwerera ku lumo ndi chipeso. Ana anga a Fomu 4 amene ankabwera kudzawerenga usiku m'kalasi adabwerera ku kandulo, ena ku tochi ya foni, foni yake yosowanso kotchaja. Mtsikana wina amene ndinkamudalira kwambiri pa sayansi adandiuza kuti bambo ake akuti ndalama ya kandulo palibe, aziwerenga masana. Masana ake ati, mwana wamkazi wa kumudzi? Akaweruka ndi kumjigo, ndi kunkhuni, ndi pamoto. Tidakhala mumdima masabata angapo. Amene adaba uja mwina adapeza ndalama yomwera masiku awiri.

Taganizani ulendo umene magetsi amayenda kuti afike pano. Ambiri amachokera mumtsinje wa Shire, ku Nkula, ku Tedzani ndi ku Kapichira. Kuyambira 2017 amene amapanga magetsi kumeneko ndi EGENCO, pomwe ESCOM imawanyamula ndi kuwagawa. Apa pa Golomoti, mukamalowera ku Salima, pali malo opangira magetsi a dzuwa a mamegawati 20 omwe adayamba kugwira ntchito mu 2022. Nthambo zikuluzikulu za ma volt 400,000 zochokera ku Phombeya m'boma la Balaka kupita ku Nkhoma zidamalizidwa mu 2018 ndi thandizo la dziko la America la madola pafupifupi 350 miliyoni, lomwe lidagwiranso ntchito zina za magetsi. Mphamvu imeneyi amaitsitsa pang'onopang'ono, kufika pa ma volt 33,000 kapena 11,000, kenako pa 400 ndi 230 amene timayatsira babu. Madamu onsewo, nthambo zonsezo, mamiliyoni onsewo, mathero ake ndi kachitini kotuwa kopachikidwa pamapolo awiri kuseri kwa golosale. Namondwe wa Ana atawononga Kapichira mu Januwale 2022, dziko lidataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka, ndipo tonse tidalira, mawailesi ndi nyuzipepala zomwe. Koma mudzi umene thiransifoma yake yafa sutaya gawo chabe la magetsi, umataya onse, ndipo palibe mtolankhani amene amabwera.

Ndipo musaiwale kuti ife tili m'gulu la ochepa amwayi. Kalembera wa 2018 adapeza kuti mwa nyumba 100 zilizonse m'Malawi muno, pafupifupi 11 zokha ndi zimene zinkaunikira ndi magetsi. Midzi yambiri m'chigwa cha Bwanje ikudikirabe MAREP. Ife adatipatsa, ndiye tikukhetsera pansi.

Tsono m'kachitini muja muli chiyani? Apa ndikuvomera mlandu wanga monga mphunzitsi, koma ndibwereranso ku zimenezo. M'kalasi timajambula chitsulo cha makona anayi, waya wokulungidwa mbali iyi, wina mbali inayo, n'kutchula dzina la Michael Faraday ndi chaka cha 1831, n'kupereka masamu a kuchuluka kwa mikombero ya waya. Zoona zonsezo. Koma pali zinthu ziwiri zimene sitijambula, ndipo ndi zimene zimasunga moyo wa makinawa: pepala ndi mafuta.

Inde, pepala. Mawaya a kopa a m'thiransifoma amalekanitsidwa ndi pepala lolimba lopangidwa kuchokera ku mitengo, lofanana ndi la khaki lija la matumba a simenti koma loyeretsedwa bwino. Zonsezi amazimiza m'mafuta. Mafutawa si ophikira, si a injini ya galimoto, ndi mafuta opyapyala oyengedwa kuchokera ku mafuta a pansi pa nthaka, komwe kumachokeranso dizilo ndi palafini. Ntchito zake ndi ziwiri. Yoyamba ndi kutchinga magetsi kuti asalumphe kuchoka pa waya wina kupita pa wina. Yachiwiri ndi kunyamula kutentha. Mafuta otentha amakwera pamwamba, n'kutsikira m'zipsepse zija mumaziona m'mbali mwa thiransifoma, n'kuzizira, n'kubwereranso pansi. Ana a Fomu 2 amene adaphunzira za convection akudziwa kale zimenezi, kungoti palibe adawauza kuti zikuchitika pamwamba pa mitu yawo tsiku lililonse akamapita kumsika. Mukachotsa mafuta mwachotsa magazi.

Koma wakuba si yekhayo amene amapha. Pali imfa ina ya pang'onopang'ono, ndipo imeneyi ndi ya tonse.

Pepala lija limakalamba ndi kutentha. Akatswiri a zamagetsi ali ndi lamulo losavuta kukumbukira: kutentha kwa m'kati kukakwera ndi madigiri 6 okha kupitirira muyeso wake, moyo wa pepala umadulidwa pakati. Tiyeni tichite masamu a pabolodi. Makina oyenera kukhala zaka 30, mukamawatenthetsa ndi madigiri 6 owonjezera nthawi zonse, akhala zaka 15. Mukawonjezera ena 6, zaka 7 ndi theka. Tsono kumbukirani kuti ife sitili ku Dedza kapena ku Tsangano kozizira. Tili kuchigwa, kumene mu Okutobala phula la msewu wa M5 limachita kuwawula mapazi. Thiransifoma imene idaikidwa kuti idyetse nyumba makumi angapo, lero ikukoka zigayo, makina owotcherera, mafiriji a mowa, ndi mawaya aja okwiriridwa pansi usiku opita kunyumba zopanda mita. Aliyense wolumikiza mwakuba amati, "Ine ndi babu limodzi ndi kawailesi basi." Kenako mbaula ya magetsi, kenako ayironi. Tsiku limene makina afa, yemweyo ndi amene amayamba kufuula kuti adatipatsa thiransifoma yachabechabe.

Mdani wina ndi madzi. Thiransifoma ikatentha mafuta amafufuma, ikazizira amanyala, ndiye zikuluzikulu zimapuma ngati munthu, kutulutsa ndi kukoka mpweya. N'chifukwa chake zimakhala ndi kabotolo ka galasi kodzaza timikanda ta silica gel, tofanana ndi tija mumatipeza m'kathumba m'bokosi la nsapato zatsopano. Timikandati timayamwa chinyezi cha mumpweya usanalowe. Takale timakhala tabuluu tikauma, tikakhuta madzi timasanduka tapinki. Mwana wa Sitandade 5 akhoza kuona kuti tatha ntchito. Zing'onozing'ono zambiri za pamapolo n'zomata, sizipuma, koma nazonso labala wa pachivindikiro akang'aluka ndi dzuwa, kapena wina akazitsegulapo n'kuba malita ochepa n'kutsekanso mosalimba, mvula ya Januwale imalowa. Madzi ochepa zedi, osadzaza ndi kapu yomwe, ndi okwanira kufooketsa mafuta a m'thiransifoma yonse. Ndipo ambiri mwa madziwo sakhala m'mafuta, amakalowerera m'pepala muja n'kumaliwoletsa mwakachetechete. Mafuta nawo akamakalamba ndi kutentha ndi mpweya amachita asidi ndi nsenga zimene zimatseka njira zozizirira. Kutentha kumakwera, pepala limafumbutuka, tsiku lina mphenzi ikangogunda patali kapena chigayo chikangolizidwa, basi. Anthu amvekere mphenzi yawotcha. Mphenzi idangomaliza ntchito imene idayamba kale. Nanga waya uja wotsikira pansi, amene ntchito yake ndi kulondolera mphenzi m'nthaka, si uja adamudula kalekale anyamata n'kukagulitsa kwa ogula zitsulo zakale?

Chimene chimandipweteka n'chakuti matenda onsewa amaoneka makina asanafe. Monga momwe kuchipatala amakutengera magazi pang'ono n'kudziwa kuti uli ndi malungo, thiransifoma amaitenga mafuta pang'ono m'botolo loyera n'kukayeza. Kuyeza koyamba n'kosavuta kumvetsa. Amathira mafuta m'kachikho momwe muli tizitsulo tiwiri totalikirana mamilimita awiri ndi theka, n'kumakweza mphamvu ya magetsi mpaka moto utalumpha pakati pake. Mafuta abwino, ouma, amapirira ma volt 60,000 kapena 70,000. Akamalephera pansi pa 30,000 ndiye kuti muli madzi kapena zinyalala. Amayezanso kuchuluka kwa madzi ndi kwa asidi. Pa mathiransifoma akuluakulu a kumasiteshoni amayeza ngakhale mipweya yosungunuka m'mafuta, chifukwa vuto lililonse limasiya fungo lake: hydrogen akachuluka ndiye kuti magetsi akudontha penapake, carbon monoxide ndiye kuti pepala likupsa, acetylene, mpweya womwe uja owotcherera amadulira zitsulo, ndiye kuti m'kati mukuthetheka moto weniweni. Katswiri wina wa ku Canada, Michel Duval, adakonza chithunzi cha makona atatu chothandiza kuwerenga mipweya imeneyi m'zaka za m'ma 1970, ndipo chikugwirabe ntchito mpaka lero. Palinso kamakina konyamula m'manja kotchedwa Megger koyezera ngati pepala likutchingabe magetsi. Si zamatsenga izi. Ndi sayansi yomwe ija ya pasilabasi, yangovala ovolosi.

Ndipo mafuta odwala amachizika. Apa ndi pamene pamabwera timiyala totchedwa zeolite, tomwe ndikufuna mphunzitsi aliyense wa Chemistry atidziwe. Dzinali adapereka ndi Axel Cronstedt wa ku Sweden mu 1756, ndipo limatanthauza mwala wowira, chifukwa atauwotcha udatulutsa nthunzi ngati mphika. Zeolite wina amakumbidwa pansi, wina amapangidwa m'fakitale. M'kati mwa kamwala kalikonse muli timauna tosawerengeka, tofanana kukula kwake, tating'ono mwakuti muyeso wake ndi ma angstrom atatu kapena anayi. Kuti mupeze angstrom imodzi, gawani milimita imodzi ka 10 miliyoni. Molekyu ya madzi ndi yaing'ono, imalowa m'kauna n'kukakamira momwemo. Molekyu ya mafuta ndi yaitali ndi yonenepa, siingalowe, imangodutsa. Inu a ku Ntcheu simufunika kukufotokozerani zambiri: mbewa imalowa kuuna, galu amatsala panja. Ndiye amadutsitsa mafuta a thiransifoma m'thanki yodzaza timiyalati, madzi amatsalira, mafuta amabwerera ali ouma. Akachita zimenezi kwa nthawi yaitali, pepala nalo limayamba kulavula madzi ake m'mafuta ouma aja, n'kumauma pang'onopang'ono. Timiyala tikakhuta amatiwotcha mu uvuni pa madigiri mazana angapo, madzi amachoka, n'kutigwiritsanso ntchito. Asidi ndi nsenga amazichotsa ndi dongo lina lotchedwa Fuller's earth. Mtengo wa zonsezi ndi wochepa poyerekeza ndi kugula thiransifoma yatsopano, imene imachokera kunja, yogulidwa ndi madola amene dziko lino likusowa. Kumbukirani kuti kwacha idagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Thiransifoma iliyonse imene tapha, yolowa m'malo mwake ikupikisana ndi feteleza, mankhwala ndi mafuta a galimoto pa madola omwewo.

Ndibwerere kwa akuba, chifukwa nkhani yawo siithera pa mdima.

Munthu saba chinthu chopanda msika. Kopa amapita kwa ogula zitsulo zakale. Nanga mafuta? Ena amati amathira m'makina owotcherera opanga okha, ena amati amasakaniza ndi dizilo. Koma zakhala zikulembedwa m'nyuzipepala kwa zaka zambiri, kuno kwathu komanso ku Kenya, kuti ena amathera m'chiwaya cha tchipisi. Chifukwa chake n'chodziwikiratu: mafutawa sada msanga ngati ophikira, ndiye wokazinga amatha masiku ambiri osagula ena. Sindikuloza chala mnyamata aliyense wa chiwaya pamsika pano. Ambiri ndi ana athu omwe, akuvutika moona mtima, ndipo nanenso ndimaima pomwepo mwezi ukatha. Koma amene akudziwa kuti botolo lija adaligula usiku kwa munthu wopanda golosale, amve izi.

Mafuta a pansi pa nthaka si chakudya, thupi siligaya. Limenelo ndi vuto laling'ono. Lalikulu ndi mankhwala otchedwa PCB. Kwa zaka zambiri mafakitale a kunja ankathira PCB m'mathiransifoma ena chifukwa sagwira moto msanga. Atazindikira kuopsa kwake, dziko la America lidaletsa kupanga mankhwalawa mu 1979, ndipo pangano la maiko la ku Stockholm la mu 2001 lidawaika pa mndandanda wa ziphe zoyenera kuthetsedwa padziko lonse. Mu 2013 bungwe la IARC, lofufuza za khansa pansi pa WHO, lidawaika m'gulu la zinthu zimene n'zotsimikizika kuti zimayambitsa khansa mwa anthu. Si thiransifoma iliyonse ili ndi PCB, zatsopano siziyenera kukhala nawo. Koma mafuta akale ankasakanikirana powonjezera ndi posefa, ndipo pangano lija limawerengera mafuta kuti ndi oipitsidwa ngakhale PCB atangopitirira magawo 50 pa miliyoni. Muyeso umenewo simungauone ndi maso, simungaununkhize. Wakuba wa usiku uja ali ndi labu yoti ayezere?

Zimene PCB amachita akalowa m'mafuta odyera sitichita kuganizira, zidachitikapo. Mu 1968 ku Japan, pafakitale ina yoyenga mafuta ophikira a gaga wa mpunga, PCB adadonthera m'mafuta. Anthu zikwizikwi adadwala: zotupa zosapola kumaso ndi thupi lonse, khungu ndi zikhadabo kuda, maso kutuluka mafinya, kufooka. Amayi oyembekezera adabereka ana odwala. Matendawa adawatcha Yusho. Mu 1979 zomwezo zidachitikanso ku Taiwan, kwa anthu pafupifupi 2,000. Ofufuza adapeza kuti PCB akatenthedwa amabala ziphe zina zoopsa kuposa iwo eni. Tsono chiwaya ntchito yake n'chiyani, si kutenthetsa mafuta omwewo kuyambira m'mawa mpaka usiku? Chiphechi sichikugwetsa lero. Chimakhazikika m'mafuta a m'thupi kwa zaka, chimadutsa mpaka mu mkaka wa m'mawere. Ndipo zeolite uja ndamutama sangachichotse, dongo lija silingachichotse. Chimafuna mankhwala apadera kapena ng'anjo zotentha kupitirira madigiri 1,000. Amene amaima pachiwaya nthawi yopuma ndi ndani? Ndi ana athu a yunifolomu, ndi timakwacha tawo ta m'thumba.

Ndikudziwa zimene ena muyankhe, chifukwa ndazimva kale mu staff room.

Wina adati ndi umphawi. Mnzanga, umphawi ndikuudziwa, malipiro a mphunzitsi tonse tikuwadziwa pomwe amathera. Koma amene adavutika kwambiri masabata aja adali ndani? Wolemera adaliza jenereta, wina adali kale ndi sola padenga. Amene adalipira kabaza kawiri ndi mayi wamasiye. Amene adasiya kuwerenga ndi mwana wa mlimi. Umphawi umene umaba kwa amphawi anzake n'kusiya olemera akuonera mpira, umenewo tiupezere dzina lina.

Wina adati n'za boma, zikatha abweretsa zina. Maganizo amenewa ndi omwe adatha mawindo a m'makalasi mwathu ndi zitsulo za pamilatho. Abweretsa, inde, koma ndalama yake idzachokera pa mtengo wa mayunitsi amene iwe ndi ine timagula, ndipo thiransifoma yobwera kuno kachiwiri ndi imene ikadapita kumudzi wina umene sudaonepo babu chiyambire.

Wina adati akuba ake ndi anthu odziwa ntchito, munthu wamba sangayandikire ma volt 11,000. Apa pali choona, ndipo n'chimene chimandisowetsa tulo. Wokwera pamapolo paja si mbuli. Akudziwa chimene chimapha ndi chimene sichipha. Mwina adaphunzira ntchito penapake, mwinanso adadutsa m'kalasi mwanga, n'kumva bwino phunziro la magetsi kuposa anzake. Koma kaya ndi wochokera kutali kaya ndi wapafupi, safika ngati mzimu. Amafuna womulozera malo, wosunga zigubu, wa njinga kapena galimoto, ndi anthu ogona pafupi amene adzamve kugogoda kwa sipanala usiku n'kufunda bulangete kumutu. Tsiku lija madontho ankaloza njira, anthu n'kumayang'ana kumwamba. Akuluakulu adati khoswe akakhala pamkhate sapheka. Wakuba ndi mphwake wa uje, wogula ndi mlamu wa uje, ndiye tonse timvekere yapsa.

Malamulo adawakhwimitsa mu 2024, ndipo owononga zipangizo za magetsi tsopano akhoza kukhala kundende zaka zambiri. Zabwino. Koma lamulo silimanga munthu popanda mboni. Ndipo ndisamveke molakwa: sindikuitanitsa chigulu chonyamula miyala ndi matayala. Kuwotcha munthu amene mwamuganizira si chilungamo, ndi mlandu wina woposa woyambawo, ndipo nthawi zambiri amene amafa ndi wonyamula chigubu pomwe mwini malonda ali phee kunyumba. Chimene ndikufuna ndi chovuta kuposa kugenda: kupita kwa amfumu ndi kupolisi masana, n'kutchula zimene waona.

Kwa eni magetsi nawonso ndili ndi pempho, ndipo ndikulinena poyera. Galimoto iliyonse pamsewu imamata chikalata pagalasi chosonyeza kuti idayezedwa liti. Botolo lozimitsira moto limakhala ndi kakhadi ka tsiku limene lidaonedwa. Bwanji thiransifoma imene ikudyetsa sukulu, chipatala ndi msika isakhale ndi kachikwangwani pamunsi, kolembedwa m'Chichewa, konena kuti mafuta adayezedwa tsiku lakuti, mphamvu yake ndi yakuti, mukaona kudontha imbani nambala yakuti? Anthu amasamala chinthu chimene akuchimvetsa. Lero chikwangwani chokhacho chimene chilipo ndi chija cha chigaza ndi mafupa, ndipo uthenga wake ndi wakuti talikira, si zako. Kutalikira n'koyenera, magetsi aja amapha ngakhale usanakhudze waya. Koma "si zako" ndi bodza limene latipweteka.

Tsono kwa inu aphunzitsi anzanga, makamaka a Physics ndi Chemistry. Ndi kangati tidaphunzitsa mutu wa thiransifoma osatulutsa ana m'kalasi, chonsecho yeniyeni ili mamita mazana awiri kuchokera pabolodi? Ine ndachita zimenezi zaka zoposa khumi. Ndinkathamangira kumaliza silabasi, ana aloweze fomula, MANEB ikafunsa ayankhe. Adayankha, ena adakhoza bwino. Koma ndidatulutsa ana odziwa kuwerengera mikombero ya waya, osadziwa kuti dothi lakuda pansi pa polo ndi chizindikiro choti akanene msanga, osadziwa kuti kung'ung'uza kukasintha n'kukhala kuthetheka ndiye kuti zinthu zavuta, osadziwa chimene chingakhale m'chiwaya. Timadandaula kuti tilibe labu. Pa phunziro ili labu idapachikidwa kale pamapolo, yaulere.

Ndipo pali kuyesa kumodzi kumene tingachite ngakhale pasukulu yopanda mpopi. Mutu wa kapangidwe ka sopo uli m'buku la Chemistry. Mafuta ophikira, kaya a mpendadzuwa, a soya kapena a mtedza, ukawatenthetsa ndi caustic soda amasanduka sopo. Amayi a m'magulu opanga sopo akudziwa zimenezi kuposa ife. Mafuta a pansi pa nthaka sasanduka sopo, ungatakase mpaka dzanja kuwawa, amangoyandama pamwamba. Poonetsa ana musakhudze mafuta a thiransifoma ayi, tengani liquid paraffin wa kufamase kapena mafuta odzola a makanda, ndi a banja lomwelo. Kuyesa kumeneku sikungakuuzeni za PCB, koma mwana amene waona ndi maso ake kuti mafuta awiri ofanana maonekedwe ndi zinthu ziwiri zosiyana, sadzaiwala. Soda ameneyu amawotcha khungu ndi maso, ndiye botolo ligwiridwe ndi mphunzitsi yekha.

Teremu ikubwerayi ndikutenga Fomu 4 yanga kukaima patali ndi thiransifoma yathu, aliyense ndi kope lake. Ajambule zipsepse, apeze ngati waya wotsikira pansi ulipo, ayang'ane dothi, awerenge nyumba ndi zigayo zimene zikudya pamenepo. Ndapempha kale ahedi, ndipo ndikawauzanso amfumu kuti anthu asadabwe poona ana atazungulira polo.

Inu ana anga akale amene muli ku Blantyre, ku Lilongwe ndi ku Joni, ndikudziwa kuti ena mwa inu mudapita ku Polytechnic, imene pano akuti MUBAS, ena kumakoleji a ntchito zamanja, ndipo mukugwira ntchito zamagetsi zomwezi. Sindikupempha ndalama. Amene akubwera kumudzi pa Khirisimasi anditengereko timikanda ta silica gel todzaza dzanja, touma ndi tokhuta madzi, ndi timiyala ta zeolite pang'ono m'kabotolo, zogula kapena zopempha mwachilungamo, osati zotola kuntchito. Ndipo amene angathe adzaime kutsogolo kwa kalasi kwa mphindi 40, atavala ovolosi yake, adzawauze ana mmene amayezera mafuta. Choko ndidzakupatsani ndine.